Golosale Yosagulitsa ya Aphunzitsi

Tsiku lomwe mlamu wawo analowa m'nyumba yatsopano, Aphunzitsi anapita ndi mphatso yokulungidwa m'pepala lonyezimira. Mlamuyo anaimasula anthu onse akuona, n'kutulutsa fulasiki yofiira. Anaitembenuza kawiri, chala n'kuima pamalo popindika pachivundikiro.

"Alamu, fulasiki iyi si ija inandigwa m'basi pobwera nayo kwanu chaka chatha?"

Aphunzitsi analakalaka nthaka itang'ambika. Mwayi wake mlamuyo ndi munthu wa nthabwala. Anaseka mpaka misozi, nati, "Yasowa kwawo, isiyeni."

Musawaweruze msanga mayiwa. Moyo wawo wonse anaphunzitsa ana aang'ono, ndipo sukulu ikamatsekera makolo sankabwera chimanjamanja. Makapu, matawulo, maluwa apulasitiki, mawotchi apakhoma oti akanakwanira chipatala chonse. Kutaya sankataya. Ankati mphatso imakhala ndi nkhope ya mwini wake. Zonse zinkalowa m'chipinda chakumbuyo, mpaka chitseko chinkangotseguka theka. Amuna awo ankachitcha golosale yosagulitsa.

Ndiye mwana wawo wamkazi anaimba foni. Mwamuna wake anali atapita kutali kukagwira ntchito, iye ali woyembekezera, ndipo ankafuna kudzachirira kwa amake. Chipinda china panalibe. Fulasiki ija ndiyo inali yoyamba kutuluka, ndipo manyazi ake anatsala pang'ono kuwabweza m'mbuyo.

"Nanga mdzukulu adzagona pamatawulo?" anafunsa amuna awo.

Aphunzitsi anaganiza, naona kuti chinawachititsa manyazi si fulasiki ayi, koma pepala lonyezimira lija. Anasiya zokulunga. Ankangonyamula chinthu poyera n'kunena mbiri yake. Kwa wometa anapereka wotchi. "Iyi ndi ya bambo wa kamnyamata kena kamanzere, kankadya choko." Mtsikana wina wobwera kumene mumsewu wawo, yemwe ankamwera tiyi m'chitini, analandira makapu pamodzi ndi nkhani za ana onse a makapuwo. Pomwe Aphunzitsi ankachoka, tiyi anali atazizira.

Tsiku lina kunja kunaima lole. Wotsika anali bambo wa kamnyamata kamanzere kaja, tsitsi atangometa kumene. Mtima wa Aphunzitsi unagunda ngati belu la sukulu.

"Mayi, ndaiona wotchi yanga kwa wometa."

"Pepani, bambo, sikuti ndinainyoza..."

"Kupepesa chiyani? Wometa wandiuza kuti mukumukumbukira mwana wanga mpaka choko chomwe. Mnyamatayo pano ndi telala, amadulabe nsalu ndi dzanja lamanzere. Wotchiyo nanenso anachita kundipatsa abwana anga."

Anaseka onse, Aphunzitsi akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Bamboyo sanachoke asanapakize makatoni otsala n'kukawatula kunyumba yosungirako okalamba.

Chipinda chinayera, zenera n'kutseguka koyamba chitsekereni. Amuna awo anapaka penti, wambiri n'kuthera pamalaya. Khanda litabadwa linapeza bedi, mphepo yabwino ndi malo oti agogo ake azivinirapo polinyengerera. Aphunzitsi ankangoti, "Anthu anandikonda pondipatsa, andikondanso pondilandira."

Oyamba kudzaona mwana anali mayi a nyumba yoyandikana nayo, munthu wosadziwa kuzungulira mawu. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ine mphatso sindinabweretse, Aphunzitsi. Nyumba ino imadwala nazo. Ndipatseni mwanayo, inu mukagone, maso afiira ngati a chidakwa."