Agogo Mbewe, kalipentala wosakwera padenga

Ndikawakumbukira agogo Mbewe, m'mphuno mwanga mumadzaza fungo la thabwa longochekedwa kumene, losakanikirana ndi la guluu ndi la tiyi amene ankamuiwala pawindo la shedi yawo mpaka kuzizira. Sanali agogo anga enieni. Anali aneba athu ku Tyrrelstown, kuno kudziko la azungu, nyumba yawo ndi yathu zongolekanitsidwa ndi mpanda wamatabwa. Kwathu tinalipo awiri okha, ine ndi amayi, ndipo amayiwo ankagwira ntchito ya unamwino kuchipatala cha Beaumont n'kumaweruka mochedwa. Choncho ndikachoka kusukulu ndinkalunjika kwa a Mbewe. Akazi awo ankandipatsa buledi, ine n'kuthamangira kushedi kukakhala pachidebe cha penti, makina ochekera akulira, utuchi ukundigwera m'tsitsi ngati ufa wa kuchigayo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo malo amenewo ndinkawakonda kuposa kwina kulikonse.

Agogowo anali kalipentala womalizitsa nyumba. "Ine ndimalowa anzanga atatuluka," ankatero. Omanga akamanga, ofolera akafolera, iwo ankabwera kudzakoleka zitseko, kuika mafelemu, makabati a m'khitchini, zogwirira za m'masitepe ndi timatabwa tija timazungulira m'munsi mwa khoma. Madzulo ankakonzeratu za mawa m'shedimo pamodzi ndi wantchito wawo mmodzi yekhayo, a Tembo, bambo wa ku Chipata wa ana atatu. Akamaliza kupala thabwa sankaliyang'ana. Ankatsinzina, n'kuliyendetsa chala kuchokera uku mpaka uko.

Ine ndinali mwana wa mafunso, mpaka anasiya kunditchula Tamanda n'kundipatsa dzina loti a Mafunso. Ndikafunsa m'Chingerezi ankakhala ngati makina awagonthetsa, ndiye Chichewa changa chonse ndinachiphunzirira pachidebe chija. Funso limene linkandisowetsa mtendere linali la makwerero. Mavani a amisiri ena mumsewu wathu ankasenza makwerero ataliatali pamwamba, koma vani ya agogo pamwamba pake panalibe kanthu, ndipo m'kati munali kamakwerero kakafupi kongofikira pamwamba pa chitseko. Chikhalirecho, nkhani zawo zonse za kumudzi zinali za madenga: la tchalitchi cha ku Dedza, la sukulu ya kwinakwake, mphepo ikuwomba malata iwo ali pamwamba opanda nsapato.

"Agogo, kodi mumaopa kugwa?" ndinawafunsa tsiku lina.

A Tembo anaseka mpaka kutsamwa. Agogo anathimitsa makina.

"Safunsa anadya phula. Khala bwino ndikuuze. Nditatsegula business yanga kuno, anandiuza kuti ndisanalembe munthu ntchito ndikhale ndi insurance, kuti wantchito akavulala athandizidwe. Ndinaimba phone ku company ya insurance. Mayi wa kumeneko akuti, mumagwira ntchito yanji? Ine ndiye ndinayamba kutchula: denga, chitseko, mpando, ngolo, bokosi la maliro. Kwathu mmisiri sanena kuti ichi sinditha. Ukatero wapatsa mnzako customer, iwe ugona ndi njala. Mayi uja anangomva loyambalo, denga. Mtengo umene ananditchulira, ndinafuna pokhala."

Mnzawo wina wa konkuno ndi amene anadzawamasulira. Anthu a inshulansi safunsa kuti adziwe luso lako. Amafuna adziwe mmene ungavulalire. Womalizitsa nyumba amadzicheka chala, amabinya bondo, utuchi umamulowa m'diso. Wa padenga akagwa amathyoka msana, mwinanso sadzuka. Ndiye amawagawa amisiri m'magulu, aliyense ndi mtengo wake, ndipo ukavulalira pantchito ya gulu limene si lako, amasamba m'manja.

"Amatiika m'makola, mbuzi kwaokha, nkhuku kwaokha," anatero agogo. "Ndinaimbanso. Mayi uja akuti, ndiye padenga mumakwera kapena ayi? Ndinakhala chete mpaka anayesa line yaduka. Kenaka ndinati ayi."

Zinandiseketsa kuti munthu wamkulu angalephere kutchula liwu lalifupi choncho. Ndinafunsanso ngati mayiyo amabwera kudzawazonda, iwo n'kuti sanamuonepo nkhope. Nanga akakwera angadziwe ndani? Agogo anangoyatsa makina.

Yankho lake linabwera ndi mphepo. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mipanda ndi kugubuduza mabini a zinyalala mumsewu wonse, ndipo chinasasula matailosi a denga lathu, pamwamba penipeni pa chipinda changa. Madzi anayamba kudontha, siling'i n'kuchita chibanga chachikulu chofiirira. Nyumbayo amayi anali atangoigula kumene atavutikira zaka zambiri, ndipo ofolera onse amene anawaimbira anati tidikire, anthu ndi ambiri. Koma amayi sanade nkhawa kwenikweni. Kuseri kwa mpanda kunali munthu amene anafolera tchalitchi.

Tinapita limodzi. Agogo anatuluka, anaima pabwalo n'kuyang'ana dengalo nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akuwerenga.

"Ntchito yake ndi yochepa," anatero. "Koma amake Tamanda, ine sindikwera."

"Bambo, si ntchito iyi. Ndi chithandizo. Ladder ndikabwereka ndine."

"Ndikupezerani munthu. Za m'kati zonse ndikonza ndekha, simulipira kanthu."

"Mwana akugona pa sofa, madzi akulowa m'nyumba, inu mukundiuza za insurance? Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kapena mwambi umenewu munausiya pa airport?"

Amayi anandigwira dzanja, ndipo tisanafike pakhomo anali atagamula kale: kushedi ndisapitenso, ndikaweruka ndizikadikira kwa mayi wina wa kutchalitchi. Lamlungu nkhani inali itafika kale kumeneko. Ndinamva azimayi akunong'onezana kuti a Mbewe alowa chizungu, masiku ano moni amayamba afunsa kaye kuofesi. Ndinakwiya nawo azimayiwo, ndinakwiya ndi amayi, koma kwambiri ndinakwiya ndi agogo, chifukwa ndinkaona kuti anditaya dala pa chinthu chimene akanachita tiyi wawo asanazizire.

Kwa mayi wa kutchalitchi kunali TV ndi mabisiketi, koma kunalibe wondiyankha. Tsiku lina ndikutaya zinyalala ndinaona a Tembo akutsitsa matabwa m'vani, ndipo ndinawafunsa pampanda, monong'ona, chifukwa chimene agogo anakanira.

"Iwe, ukuganiza kuti madala aja angakwere ine n'kuima pansi kugwira ladder?" anatero a Tembo. "Sizingachitike. Kwathu wamng'ono sayang'anira wamkulu akukwera. Akaponda step yoyamba, ine ndawadutsa kale. Amadziwa zimenezo. Ndipo ine nikagwa pa roof, insurance izakamba kuti aba ni a ma door na ma skirting, kumwamba anafunako chani? Ana anga azadya chani?"

Ndinabwerera m'nyumba mutu uli ziii. Ndinkayesa kuti nkhaniyo ndi ya agogo ndi mayi wa pa foni uja, osadziwa kuti mulinso a Tembo ndi ana awo, amene wamkulu wawo ndinkaphunzira naye kalasi imodzi. Nditawauza amayi anangoti ndisiye kulowerera nkhani za akuluakulu.

Ofolera anabwera Loweruka lina m'mawa kukuwaza kamvula, anyamata awiri a konkuno amene agogo anachita kuwachonderera kuntchito. Amayi sanatuluke. Ine ndinali pawindo la m'khitchini, ndipo chimene ndinkayang'ana si anyamatawo ayi, koma agogo. Anaima pakati pa kabwalo kathu opanda chipewa, khosi lili chagada, mvula ikuwalowa m'maso. Mnyamata akanyamula tailosi, manja a agogo ankanyamukanso. Akamenya msomali, dzanja lawo lamanja linkamenya m'malere. Phazi limodzi linali litaponda pa sitepe yoyamba ya makwerero a eni ake, ndipo linkati likwere, n'kubwerera, likwere, n'kubwerera. Kumbuyo kwawo kunali a Tembo, maso ali pa phazi limenelo.

"Amayi, tabwerani mudzaone," ndinatero.

Anabwera ndi mbale m'manja, akufuna kundikalipira. Anayang'ana panja. Mbale ija anaigwira choncho mpaka madzi ake anawadonthera pa siketi. Ndinamva chisoni chimene sindinkachidziwa dzina, chifukwa ndinazindikira kuti pa anthu tonse amene tinkafuna kuti agogo akwere padenga lija, amene ankafunitsitsa anali iwo eni.

Amayi anatsegula chitseko.

"Bambo, lowani mungadwale. A Tembo, inunso. Madzi a tiyi ali pamoto."

"Ndibwera, amake Tamanda. Aikeko kaye tailosi lomaliza, ndione ngati lakhala."

Lolemba lake ndinaweruka n'kulunjika kwa a Mbewe, ndipo palibe anandiletsa.

Agogo anapuma ntchito n'kubwerera ku Dedza, komwe anamwalira ine ndili ku koleji. Lero ndimagwira ntchito kukampani ina ya inshulansi mumzinda muno, ndipo amene amaika amisiri m'magulu ndine. Anzanga mu ofesi amafunsa mafunso ake mothamanga, ngati akuitana mayina m'kalasi. Ine ndikafika pa funso la denga, mmisiri n'kukhala chete, sindimufulumizitsa. Ndimadziwa kuti kumbali inayo kuli munthu amene akusiya theka la luso lake kuti mnzake azibwerera kwa ana ake ali wathunthu. Ndimagwira foni, n'kumudikira.