Luzi la pamimba pa amalume

Amalume anga anali onenepa moti akakwera ngolo, ngoloyo inkapendekera mbali yawo. Kwathu ku Namitete anthu ankati mimba imeneyo ndi umboni wa fodya wolimidwa bwino, eni akenso ankaisisita monyadira. Koma m'zaka za chitaganya anayamba kupuma mwabefu, miyendo kutupa, ndipo akagwada m'tchalitchi ankachita kudzutsidwa. Asisitere a kuchipatala cha mishoni anawachenjeza kuti mtima utopa, achepetse nkhumba ndi masese, aziyendako pansi. Iwo anangoseka.

Nditabwera kutchuthi kuchokera kusekondale, ndinawafotokozera zimene aphunzitsi anatiuza, zoti kutsidya kwa nyanja madokotala ayamba kung'amba anthu onenepa n'kuwadulako matumbo. Mpaka pamenepo zinali zoona. Zoti dokotala wa kumishoni akufuna munthu woyambira ndipo wapereka muyeso, zimenezo ndinaphika ndekha.

Ndinatulutsa luzi. "Likakana kukumana pamchombo, amalume, oyamba ndinu."

Linakumana, koma mochita kukokera.

"Kodi mphwanga, matumbo odulawo amabweza?"

"Amawaika m'manda, inu mulipo. Mumakhala nawo pamaliro."

Tsiku lomwelo nkhumba anaikana. M'mawa mwake anayenda wapansi kulowera ku Msundwe, ana akuwatsatira pambuyo ngati aona chilombo chotuluka kudambwe. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkayesa, ine nditayamba ndadulako kansonga kuseri kwa nkhokwe. Mimba inkaphwa, luzi linkafupika, choncho linkangokumana mokokera momwemo.

"Chimimba ichi n'chamakani, eti?" ankatero, thukuta lili kamukamu, n'kuwonjezera mtunda.

Amene sankasangalala ndi akazi awo. Kuchitsime azimayi anali atayamba kunong'ona kuti akuwamana chakudya amuna awo, ndipo buluku la amalume linkafuna lamba koyamba chiligulire. Tchuthi chili pafupi kutha, akazi a amalumewo anandipeza kuseri kwa nkhokwe, mpeni uli paluzi.

"Iwe mwana wa sukulu, dokotala wako uja ndi ameneyu?"

Ndinayang'ana kothawira. Nthawi yomweyo amalume anatulukira kuchokera kudimba, khasu paphewa, akuimba nyimbo ya kwaya mpaka kumapeto osaima kuti apume. Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anandikankha ndi chigongono.

"Ukudula kwambiri, adzazindikira. Onetsa kuno mpeniwo. Ukapita kusukulu ndizidula ndine."