Bwana Misomali

Ndikamva fungo la utuchi wonyowa ndi mvula, mtima wanga umathamangira ku Kawale, kuseri kwa msika, kumene kunali chisakasa cha malata akale chimene azibambo opuma ntchito ankachitcha kuti "ku ofesi". M'menemo munkamveka kulira kwa sowo, wailesi yosasa mawu, ndi phwete la nkhalamba zimene zinkatsutsana za mpira mpaka dzuwa kupendeka, uku zikukonza mabenchi a kutchalitchi, madesiki a kumadrasa ndi mpando wa aliyense wobwera ndi wothyoka. Agogo anga, a Mhango, anali mmodzi mwa iwo.

Agogo anagwira ukalaliki m'boma mpaka imvi mbuu. Atapuma anabwera kudzakhala nafe, poti agogo aakazi anali atatisiya kale. Miyezi yoyamba inali yomvetsa chisoni. Ankalawirira kusamba, kumanga tayi, n'kukhala pakhonde kumayang'ana maminibasi akudutsa. Ankadya ngati mwana wodwala, ndipo mawu awo tinayamba kuwaiwala.

Anawatola ndi Che Amidu, kalipentala wa ku Mangochi, mwini chisakasa chija.

"Bambo, tayi imeneyo mukutchenera nkhuku? Tiyeni mukatithandize uko."

Vuto linali loti manja a agogo ankangodziwa cholembera. Thabwa loyamba analidula mokhota, lachiwiri analing'alula, kenako hamala inawatswanya chala. Anzawowo anaseka mpaka misozi, koma sanawabweze. Anawapatsa chidutswa cha njanji, kahamala ndi chitini, kuti aziwongola misomali yozulidwa m'matabwa akale. Kuyambira tsikulo anakhala Bwana Misomali. Inu, ntchito ija anaitenga ngati unduna! Msomali uliwonse ankaukweza m'mwamba, kutsinzina diso limodzi, n'kuuweruza. Kunyumba anayamba kumaliza mbale, kuimba nyimbo za Chitumbuka kubafa, ndi kutinena ife ana kuti ndife alesi osadziwa kugwira ntchito.

Loweruka lina amayi anandituma kukasiya kampando kothyoka, agogo asanatuluke m'nyumba. Ndinapeza Che Amidu kuseri kwa chisakasa, pulayala m'manja, akupinda misomali yatsopano, yonyezimira, n'kumaiponya m'chitini cha agogo. Atandiona anagwira pakamwa.

"Mwanangu, sunaone kanthu. Yakale yatha. Nanga bwana wathu akafika agwira chiyani?"

Ine pakamwa panga panali pobooka. Madzulo omwewo ndinawaululira agogo, ndikuyesa kuti alusa. Iwo anangoseka chapansipansi.

"Mdzukulu wanga, msomali wakale umakhala ndi dzimbiri. Ukuyesa maso angawa anafa? Munthu akakuchitira chifundo mobisa, usamamuyalutse. Tseka pakamwa."

Kenako amayi anabereka mapasa, ndipo nyumba yathu inachepa. Bambo anga anakonzetsa nyumba ya kumudzi ku Rumphi, n'kuwauza agogo kuti, "Adada, munthu amapumula bwino kwawo." Sanali ankhanza ayi, ankachita zimene aliyense ankachita. Koma agogo anachoka kumudziko ali mnyamata, ndipo onse amene anakula nawo anali atagona kumanda.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, nkhalamba za kuchisakasa zinafika kwathu, ena m'majekete, ena m'mikanjo. Amayi anayala mkeka, n'kuteleka tiyi. Che Amidu ndi amene analankhula.

"Mwana wathu, tabwera kudzapempha. Mukatichotsera munthu uyu, ntchito yathu iima."

Bambo anayankha mwaulemu, akupukusa manja. "Ndamva, abambo. Koma misomali ili mbwee m'mashopu. Ngati ndi vuto, ndizikugulirani ineyo."

Panalibe amene akanatha kunena chenicheni popanda kuwavula agogo pamaso pa mwana wawo. Alendo anamwa tiyi wawo, anathokoza, n'kumapita. Agogo anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo anachedwa kubwerera.

Sabata yotsatira anakwera basi ya kumpoto. Chidutswa cha njanji chija anachikulunga m'thaulo, n'kuchiika m'sutikesi pamodzi ndi Baibulo.

Anzawo sanagonje. Aliyense wopita ku Rumphi ankamusenzetsa chitini cha misomali yopindika, ndipo chinkabwerera itawongoka yonse, pamodzi ndi moni wa nkhalamba iliyonse, dzina ndi dzina. Zinayenda choncho kangapo. Kenako bambo anapita kukawaona, ndipo pobwera anandipatsa chitinicho kuti ndikapereke.

Che Amidu anachitsegula ndili pomwepo. Misomali inali momwe anaitumizira, yokhotakhota.

"Akudwala?"

"Ayi. Bambo akuti ali bwinobwino, amangokhala pakhonde."

Che Amidu anakhala pa benchi, chitini chili pamiyendo. Sowo inasiya kulira, wina anatseka wailesi. Aka kanali koyamba kuona munthu wamkulu akulira maliro a munthu wamoyo, ndipo ndinachita mantha. Agogo anamwalira chimanga chisanache.

Ndimawasowa, ndipo ndikamakula m'pamene ndikuwasowa kwambiri. Pamene panali chisakasa pano pali shopu ya mafoni, ndipo nkhalamba zija zinatsatana kumanda mmodzimmodzi.

Bambo anga anapuma ntchito chaka chatha. Amakhala ku Area 25, mumpanda wa njerwa, ndi TV imene imalankhula yokha tsiku lonse. Sindiwasungira mangawa. Ndikapita kukawaona amandigwira ndi nkhani kuti ndisachoke msanga, mpaka kundifunsa mtengo wa tomato, ndipo ndikamatuluka pageti mtima umandiwawa. Misomali ndikhoza kuwapindira thumba lathunthu. Koma anthu oti azikhala nawo pa benchi, n'kumawaseka hamala ikawatswanya chala, ndikawatenge kuti?