Wekishopu Yotiphunzitsa Kukhala Chete

Nkhani yoti kaphunzitsidwe ka masamu kasintha inandipeza ndili pamzere wa ku chigayo, Loweruka lina m'mawa. Inabwera pa foni, pa gulu lathu la aphunzitsi a masamu, pakati pa uthenga wa maliro ndi chithunzi cha nkhuku zimene mnzathu wina ankagulitsa. Uthengawo unati akuluakulu a ku Lusaka atulukira chifukwa chimene ana athu amalepherera masamu: ife aphunzitsi timalankhula kwambiri. Kuyambira tsopano mwana azidzipezera yekha nzeru, ife tizingomuperekeza. Magiredi a ku sekondale nawo asanduka mafomu, monga mmene zinalili bambo anga ali pasukulu, ndipo ichi anachiika m'gulu la zinthu zatsopano.

N'kuti nditaphunzitsa masamu ku Kasenengwa nthawi yaitali, moti ena mwa amene ndinawaphunzitsa anali atayamba kundibweretsera ana awo m'kalasi lomwelo. Zosintha zoterezi ndinali nditazionapo. Zimabwera ngati mvula ya chizimalupsa. Fumbi limagona pang'ono, dothi n'kununkhira, mawa lake dzuwa monga kale.

Lolemba ahedi anandiitana ku ofesi. Anali bambo wabwino mtima, mphunzitsi wa mbiri yakale, amene masamu ankawalemekeza chapatali ngati njoka.

"Madamu, mwasankhidwa. Mupita ku wekishopu ku Chipata," anatero akundigwira chanza.

Ndinathokoza, ngakhale mpikisanowo unali wa munthu mmodzi. Mphunzitsi wina wa masamu anali atasamutsidwa kalekale, ndipo womulowa m'malo ankati ali m'njira. Sanafikebe. Mwina njirayo ndi yodzera ku Mongu, kumapeto ena a dziko.

Ahedi anandifotokozera ndondomeko yake. A ku Lusaka anaphunzitsa a m'chigawo, a m'chigawo aphunzitsa ife osankhidwa, ifenso tikaphunzitse anzathu m'masukulu oyandikana nawo. Ndinaganiza za masamba a tiyi amene kwathu tinkawaphika mobwereza alendo akachuluka. Omaliza kumwa ankangokhulupirira kuti ndi tiyi chifukwa ali m'kapu.

Ku Chipata ndinafikira kwa akulu anga ku Nabvutika, ndipo m'mawa ndinakwera njinga yamoto kupita ku holo ya pa loji ina. Nditalowa, ndinamuzindikira nthawi yomweyo amene ankatsogolera maphunzirowo. Tinali limodzi ku koleji. Masiku amenewo anali wowonda ngati bango, koma akaima pa bolodi ngakhale alekichala ankakhala pansi n'kumamvetsera. Anaphunzitsa matemu ochepa chabe, kenaka ofesi inamumeza. Tsopano anali ndi mimba yaulemu, chitupa cholendewera m'khosi, ndi manja osalala a munthu amene choko anachiona komaliza pa chithunzi.

"Aa, madamu! Mukadali kumudzi komwe kuja?" anandifunsa.

"Komweko, bwana. Anawo sanasamuke."

Maphunziro anayamba ndi pemphero, kenaka malonje, kenaka kuwombera m'manja alendo olemekezeka amene sanabwere. Titatha izi bwanayo anayatsa pulojekita. Mutu wa tsikulo unali wakuti mphunzitsi wamakono salankhula nthawi yaitali. Mfundo imeneyi anaifotokoza kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya tiyi, kuchoka pa tiyi mpaka chakudya chamasana, n'kudzaipitiriza dzuwa litapendeka. Bambo wina wachikulire wochokera cha ku Chipangali atakweza dzanja, anauzidwa kuti mafunso ndi kumapeto. Kumapeto kunalibe nthawi.

Chapakati pake magetsi anazima. Chinthu chomaliza chimene tinawerenga pakhoma chinali chakuti mphunzitsi waluso amagwiritsa ntchito chilichonse chimene chili pafupi. Pakona panali bolodi loyera ndi zolembera zake. Tinakhala manja lende kudikira kuti a pa loji akagule mafuta a jenereta.

Tsiku lotsatira linali la chionetsero. Bwanayo anati iye akhala mphunzitsi, ife tikhale ana a Fomu 1. Anatigawa m'magulu, natipatsa zitsekerero za mabotolo, zofiira ndi zobiriwira, kuti tidzipezere tokha chimene chimachitika ukachulukitsa nambala ya mainasi ndi inzake ya mainasi. Tsono taganizani. M'holomo munali anthu a madipuloma ndi madigiri a masamu, ena imvi mbuu. Asanamalize kufunsa, magulu onse anali atatulukira kale kuti yankho ndi pulasi.

"Mwaona?" anatero akutambasula manja. "Sindinawauze kanthu. Ana adzipezera okha!"

Apa m'pamene kamwa langa linandipereka. Ndinaona kuti ngati ndili mwana, ndikhale mwana amene ndimamudziwa. Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndilibe bolopeni."

Anthu anaseka. Iye anasekanso, nandipatsa yake.

"Aphunzitsi, mainasi n'chiyani?"

"Mufunse mnzanu wa pagulu."

"Mnzanga sanabwere, wapita kokolola nshawa."

Kenaka ndinagoneka mutu pa tebulo, ndikunena kuti ndachokera kutali ndipo sindinadye. Bambo a ku Chipangali aja anaseka mpaka kutsokomola. Ena anayamba kundithandiza, wina kupempha kupita panja, wina kudandaula kuti mnzake wamutsina. Bwanayo anamwetulira ngati munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi.

"Madamu a ku Kasenengwa ali ndi luso," anatero. "Tikayamba kuyendera masukulu kukaona mmene njira yatsopano ikuyendera, tidzayambira kwawo."

Anandiwombera m'manja. Sindinaonepo anthu akuwomba m'manja ndi chimwemwe chotere, aliyense akuthokoza mumtima kuti mkango wagwira wina.

Ahedi atamva kuti kukubwera alendo, masamu a pasukulu pathu anayamba kukonzedwa mwa njira yodziwika. Ana anatchetcha udzu, napaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, mpaka tsinde la mtengo wa mango linavala sokosi zoyera. Ine ndinatuma ana kukatola zitsekerero za mabotolo. Anabweretsa thumba lodzaza, pafupifupi zonse zochokera ku bala ya pamsika. Ahedi ataziona anagwira m'mutu.

"Madamu, zamowa? Pamaso pa alendo?"

"Tidzazigadabuza, ahedi. Zikagona chagada zonse n'zoyera."

Vuto lalikulu linali madesiki. Kalasi langa linali lodzaza moti pofuna kufika kumbuyo ndinkayenda cham'mbali, ndikupepesa mapazi a ana okhala pansi. Kuti tipange magulu, tinatulutsa madesiki onse panja n'kuwalowetsanso limodzilimodzi. Titamaliza, theka la ana linali litafulatira bolodi. Ahedi anandinong'oneza kuti ndiwaphunzitsiretu anawo phunzirolo kuti adzangolibwereza, ndipo ochedwa kumva adzakhale ku dimba la sukulu tsikulo. Ndinakana. Alendo ankabwera kudzaona ana akudzipezera okha nzeru, ndipo sindinafune kuwamana.

Galimoto loyera linafika mochedwa, litanyamula bwanayo ndi mayi wina wa ku ofesi yemwe ntchito yake inali kujambula zithunzi pa foni. Anakhala pa mipando imene tinabwereka kunyumba kwa ahedi. Ine ndinachita zonse monga ndinaphunzitsidwira. Ndinagawa zitsekerero, ndinalemba funso pa bolodi, ndinauza ana kuti akambirane m'magulu. Ndiyeno ndinatseka pakamwa.

M'kalasi munangoti zii. Ana anandiyang'ana, nayang'ana alendo, nayang'ana zitsekerero. Amene anafulatira bolodi ankapotoza makosi ngati akadzidzi. Patapita kanthawi, anyamata a gulu la kumbuyo anapeza chochita. Anajambula timabokosi pa chikuto cha buku n'kuyamba kusewera dirafuti, mitu ili pamodzi, nkhope zili phee. Mayi wojambula uja anathamangira komweko.

Mtsikana wina wa kutsogolo, mmodzi wa ana anga akhama, anakweza dzanja mwamantha.

"Madamu, mwatikwiyira?"

Funso limeneli linandilasa. Mwanayo misozi inali italengeza. Ndinamuyankha kuti ayi, sindinakwiye, ndikungofuna aganize okha. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti wodwala akupeza bwino koma iye wamuona ndi maso.

Nthawi yopereka mayankho itakwana, gulu loyamba linati mainasi ndi mainasi zimabala mainasi wamkulu. Nditafunsa chifukwa, wowalankhulira anati zoipa ziwiri sizingabale chabwino. Abusa akanakhalapo akanamupatsa mphoto. Magulu ena onse anagwirizana nazo, pakuti ana athu amadziwa kuti mgwirizano ndi mphamvu.

Ndinamva mpando ukukwekwerezeka. Bwanayo anali ataimirira, akuvula jekete.

"Madamu, ndibwerekeni choko."

Anauza ana onse kuti atembenuke ayang'ane kutsogolo. Anayamba ndi zimene ankazidziwa kale, kuchulukitsa nambala wamba ndi mainasi thuu, n'kumatsika nayo pang'onopang'ono, mzere pansi pa mzere, ana akuona yankho likukwera mofanana nthawi iliyonse. Atafika pa ziro anaima. "Tikapitirira pamenepa, yankho lilowera kuti?" Anafunsanso, nafunsanso, akugogoda bolodi. Mtsikana wanga uja anafuula kuti "Ku pulasi!" asanakweze n'komwe dzanja. Kalasi lonse linati "aaa!" ndipo a dirafuti nawo anadzutsa mitu.

Analankhula mpaka belu linalira, napitirirabe. "Tili limodzi?" "Inde, aphunzitsi!" Thukuta linali kamukamu, buluku lake lakuda litayera ndi choko, chitupa ataponyera kumsana kuti chisamusokoneze. Munthu wa ku koleji uja anali akadalimo m'kati mwa mimbayo. Ndinakhala pa desiki la ana n'kukopera chitsanzo chakecho, ndipo ndimachigwiritsa ntchito mpaka lero. Mayi wojambula anali ataika foni m'chikwama, chifukwa mbali imeneyi sinali yamakono.

Titakumana mu ofesi ya ahedi, bwanayo anali atavalanso jekete, ndipo mawu a ku ofesi anali atabwerera. Anati phunziro layenda bwino kwambiri, zomwe zikusonyeza kuti njira yatsopano ikugwira ntchito ngakhale kumidzi. Za ine anati ndili ndi mtima wofuna kusintha, koma ndikufunika mawekishopu ena. Ahedi ankangoti "zoona, bwana, zoona." Sabata yomweyo chithunzi cha anyamata a dirafuti chinafika pa gulu lathu la pa foni ngati chitsanzo cha ana ozama m'maganizo. Anzanga ambiri anaikapo tizala ta m'mwamba. Bambo a ku Chipangali anangofunsa kuti amene ankapambana anali uti.

Koma tisanafike pamenepo, tsiku lomwelo tikuwaperekeza ku galimoto, bwanayo anandiitanira pambali, kuseri kwa mtengo wovala sokosi uja.

"Mlongo wanga, paja pa holide mumakhala ku Nabvutika?"

Ubwana unali utatha, tsopano tinali pachibale. Ndinavomera.

"Ndili ndi mwana wamkazi, alemba mayeso chaka chamawa. Masamu akumuvuta zedi. Simungamuoneko?"

"Mwa njira iti, bwana? Ndikonze zitsekerero?"

"Aa, inunso. Mungomuphunzitsa basi."

"Nanga inuyo? Ndakuonani lero, dzanja likadalipo."

Anayang'ana manja akewo, choko chikadali m'zikhadabo. "Ine nthawi ndiipeza kuti? Mwezi uno wonse ndili m'mawekishopu."

Ndinafuna kumuyankha chinachake chakuthwa, koma anaoneka wotopa, ndipo mayi wojambula anali atayamba kuliza hutala. Ndinangoti amutumize.

Madesiki anakhala m'magulu temu yonse, chifukwa ahedi ankaopa kuti alendo angabwerenso modzidzimutsa. Makolo awiri anabwera kudzafunsa chimene chikupweteketsa ana awo makosi. Madesikiwo tinawabweza m'mizere mayeso atayandikira, pamene aliyense anakumbukira kuti m'chipinda cha mayeso mwana amakhala yekha, ndipo akakambirana ndi mnzake amatulutsidwa. Chimodzi chokha ndinasunga. Ndikalemba funso latsopano, ndimawasiya ana akangane awiriawiri kanthawi kochepa ndisanalankhule. Nthawi zina zimathandiza, makamaka akadya.

Mwana wa bwanayo anabweradi pa holide. Anali wofatsa, wanzeru ndithu, koma kuchulukitsa manambala ankawerengera pa zala pansi pa tebulo, akuchita manyazi. Tinkakhala pa khonde la akulu anga, ana a m'komboni akusewera mpira wachikulunga kutsogolo kwathu, wogulitsa makala akudutsa ndi njinga yake. Ine ndinkafotokoza, iye n'kufunsa, n'kuyesa, n'kulakwa, n'kuyesanso. Tsiku lina nditamuonetsa chitsanzo chija n'kumuuza kuti ndinachikopera kwa bambo ake, anandiuza kuti sankadziwa kuti iwo amatha masamu. Ndinamuuza kuti akawapatse funso limodzi lovuta madzulo, aone. Mawa lake anabwera akuseka, nati bambowo anaiwala kudya, mpaka mayi ake anachita kuwalanda pepala.

Mayeso anakhoza, osati modabwitsa, koma mokwanira. Bambo ake ananditumizira uthenga wothokoza pa nambala yanga, osati pa gulu. Posachedwa ndinakumana naye mtsikanayo pa siteshoni ya mabasi ku Chipata, ndipo anandiuza kuti akufuna kudzakhala mphunzitsi wa masamu. Akuti bambo ake akuyesetsa kumuletsa.