Pachulu, tsiku loika bambo

Bambo anamwalira Lachiwiri m'mawa, fodya ali mkati motcholedwa. Anagwa m'chigafa akupachika masamba, basi. Uthenga unandipeza ku Lilongwe, komwe ndinkagwira ntchito yokonza nsanja za mafoni, ndipo ndinafika kwathu ku Wimbe madzulo omwewo. Sindinalire. Amayi a mumpingo anandichingamira akulira, ine ndikuganiza zoti foni yanga yatsala pang'ono kutha moto. Zoona, ndi zimene zinali m'mutu mwanga.

Nkhani inali yoti Lachinayi, 1 koloko masana, ndinali ndi intaviyu ya pa vidiyo. Yunivesite ina ya ku Ulaya inkafuna munthu mmodzi yekha woti akachite maphunziro a digiri yapamwamba ya PhD, pa kafukufuku wophatikiza mafunde a foni ndi rada. Mwachidule, mafunde omwewo amene amanyamula mawu athu amathanso kugunda chinthu n'kubwerera, n'kutiuza kuti chili pati ndipo chikuyenda bwanji. Ulendo wina nditawafotokozera bambo, anangoti ndiye kuti azungu ayamba kuphunzira kwa mleme, n'kupitiriza kunola khasu lawo. Zaka zitatu ndinakhala ndikufunsira malo ngati amenewa, osayankhidwa n'komwe. Apa anandiyankha, koma kalata yawo inanenetsa kuti tsiku silisintha. Akubanja nawo anagwirizana zoti maliro aikidwa Lachinayi lomwelo.

Ndikanatha kuwalembera azunguwo kuti ndaferedwa. Sindinalembe, ndipo musandifunse chifukwa. Ndinangoyamba kuwerengera nthawi ngati ndili kuntchito.

Kwathu netiweki imagwira pamalo amodzi, pamwamba pa chulu chachikulu chomwe chili m'mbali mwa njira ya kumanda. Tangoganizani, ine wokonza nsanja, kwathu n'kumakwera chulu. Maliro a kwathu ndimawadziwa. Anthu adye kaye, akubanja alankhule, kenako ulaliki, ndipo mkulu wa mpingo wathu akagwira Baibulo saona wotchi. Bokosi silinyamuka 2 koloko isanadutse. Intaviyu inali ya theka la ola. Ndinaona kuti zitheka.

Mwana wamkazi wa malemu sachoka m'siwa, amakhala pamphasa pafupi ndi bokosi mpaka linyamuke. Nthawi itayandikira ndinawanong'oneza amayi kuti ndikupita kuchimbudzi. Anangondiyang'ana. Ndinadzera kuseri kwa chigafa, n'kulowa m'munda.

Chimene sindinawerengere ndi mitambo. Kum'mawa kunada bii, adzukulu okumba manda n'kutumiza mawu kuti dzenje lidzaza madzi, mwambo ufupikitsidwe. Izi ndinazimva pambuyo pake.

Ndinaima pachulu, mpango kumutu, chitenje m'chiuno, foni m'manja. Pasikirini panali anthu atatu. Mafunso awiri oyamba ndinayankha bwino, mawu anga osanjenjemera ngakhale pang'ono. Kenako mayi wina wamagalasi, amene ankaoneka kuti ndiye mwini kafukufukuyo, anandifunsa mmene ndingasiyanitsire mafunde obwerera kuchokera ku chinthu choyenda ndi obwerera kuchokera ku mitengo ndi nyumba. Funso limenelo ndinalikonzekera miyezi. Nditangotsegula pakamwa, ndinamva nyimbo ikubwera.

Aliyense wa kuno amadziwa. Maliro akamadutsa, wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, amene ali m'munda amasiya khasu n'kukhala pansi. Palibe amaimirira pamalo okwera kuposa bokosi, ngakhale akhale maliro a mlendo. Ndinakhala pansi msangamsanga. Nkhope za pasikirini zinauma, mawu n'kuduka. Ndinakweza mkono, osathandiza. Pachulu pamenepo netiweki imagwira munthu ataimirira.

Ndinaimirira.

"Eya, tikukumvaninso, pitirizani," anatero mayi uja.

Ndinapitiriza. Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi, mwadongosolo, bokosi la bambo likudutsa m'munsi mwanga pamapewa a anthu. Ndinaona nsalu yoyera pamwamba pake. Ndinaona amayi atagwiridwa mbali zonse ziwiri ndi azakhali. Pagulu lonselo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatukula mutu kundiyang'ana, ndipo kwathu zikatero ndiye kuti onse akuona. Sindinamve manyazi, sindinamve chisoni. Ndinkangomva dothi la chulu likutentha kumapazi.

Pomwe ndinkafika kumanda n'kuti atakwirira kale. Ana a malemu anali ataitanidwa, ndipo nkhata yanga anaiika mng'ono wanga pamodzi ndi yake. Mvula ija sinagwe n'komwe. Palibe anandifunsa kanthu, tsikulo ngakhale masiku otsatira. Ankandipatsa madzi osamba, kundipatsa moni, ngati mlendo.

Patatha milungu itatu yankho linabwera. Ndinaliwerenga kawiri muofesi, n'kupita kukakonza jenereta ya nsanja ina monga mwa masiku onse. Loweruka ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Ndinawapeza amayi m'chigafa akusankha fodya wa bambo, masamba abwino uku, othothoka uku.

"Anditenga, amayi."

"Za pachulu zija?"

"Eya."

Anafunsa kuti ndi zaka zingati, ndinati zinayi. Anatenga tsamba, kulitambasula pabondo, kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Pita, mwana wanga, wavutikira. Koma ine ndikadzafa uli konko, usadzavutike ndi za ndege. Mng'ono wako alipo."

Sanakweze mawu. Anandikankhira mulu wa masamba, ine ndinakhala pansi n'kuyamba kusankha.