Dzanja Lamanja la Kachete

Khoma lolekanitsa kalasi yanga ndi yoyandikana nayo silifika kudenga. Amisiri anatopera panjira, ndiye chilichonse chochitika uko chimandipeza ine kuno, ndifune ndisafune. Umu ndi mmene ndinamudziwira mnyamata uja ana anamutcha a Chonde. Anachokera ku koleji ya aphunzitsi kudzaphunzira ntchito kwa chaka chimodzi, ndipo masiku oyambirira ndinkangomva phokoso ngati la pamsika, kenako kamawu kochokera pansi pa phokosolo kakuti, "Chonde ana inu, chonde." Ana sachedwa kupereka dzina, pofika Lachisanu linali litamukakamira kale.

Kunena zoona ankandikwiyitsa. Munthu wamtali mpaka kuwerama pakhomo, koma mawu osafika ngakhale mzere wachitatu. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamufunsa ngati mawu akewo anawasiya ku koleji kuti amusungire. Anaseka, n'kundiuza kuti bambo ake ndi mlonda, amagona masana, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi chogawa ndi katani. Iye ndi azing'ono ake anakula akunong'onezana, ngakhale kukangana ankakangana monong'ona. Amayi ake, omwe ndi telala, ankatulutsa makina panja kuti bambowo apume. Nditamva zimenezo mkwiyo unandithera, ndinangoyamba kumumvera chisoni.

Ankavala jekete la bambo akewo limene amayi analibweza m'mapewa, koma manja a jeketelo anali aafupi, moti akamalemba pamwamba pa bolodi chigongono chinkatsala pang'ono kutuluka. Zolemba zakenso zinkakwera phiri: ayambe pakati pa bolodi, pomaliza ali kudenga. Akatembenuka n'kufunsa kuti mwamva, ana onse ankayankha kuti eee mokoma ngati kwaya, iye n'kukhulupirira. Pochonga makope ndi pamene ankazindikira kuti eee wa mwana sakhala ndi kanthu m'kati.

Ulendo woyamba umene mayi a ku koleji anabwera kudzamuyesa zinthu sizinayende. Anamupeza akupempha bata, ana awiri akulimbirana pensulo, wina ali pansi pa desiki. Anamuuza mosabisa kuti abweranso kamodzi kokha, ndipo akadzalephera adzabwereza chaka chonse. Chimene chinkamupweteka kwambiri si chakacho ayi. Bambo ake anali atauza kale alonda anzawo onse kuti m'nyumba mwawo mwatuluka mphunzitsi, ndipo iye sankaona mmene angakaimire pakhomo n'kunena kuti ayi, sizinatheke.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumva kusintha kudzera pakhoma langa lija. Anasiya kulimbana ndi phokoso. Ankangoima kutsogolo, choko chili m'mwamba, osanena kanthu, mpaka ana atadabwa n'kuyamba kutontholetsana okha. Analoweza mayina awo onse, ndipo mwana akamva dzina lake likutchulidwa motsitsa amachita mantha kuposa kukalipiridwa. Anaphunziranso kuyenda mpaka kumbuyo kwa kalasi, kumene aphunzitsi ambirife timafikako pokhapokha tikamafuna amene waba chofufutira.

Kumbuyoko, pakona, kunkakhala kamtsikana kachibwibwi kamene anzake ankakatcha Kachete. Akafuna kulankhula mawu ankamukanirira pakhosi, anzake n'kumumalizira kapena kumuseka, mpaka anangosiya. Dzanja lake linali lisanakwerepo m'kalasi. Anzake akamalemba, Chonde ankanjuta pafupi ndi desiki yake, awiriwo n'kumanong'onezana za masamu. Anandiuza kuti mwanayo akamanong'ona chibwibwi chimachepa. Ine ndinangoti apezana okhaokha.

Mwini kalasiyo, amene ankayang'anira Chonde, anali bambo achikulire omwe timawatcha a Kalelo, chifukwa nkhani iliyonse amaiyamba ndi kuti kalelo ife. Si munthu woipa, ndipo mnyamatayo ankamukonda. Tsiku la mayeso litayandikira anamuitanira pambali n'kumupatsa nzeru imene aphunzitsi akhala akupatsirana kuyambira kalekale. Funso likafunsidwa, ana onse akweze manja kuti mlendo aone kalasi yamoyo. Amene akudziwa yankho akweze lamanja, amene sakudziwa akweze lamanzere, ndipo mphunzitsi aziloza amanja okhaokha. Chonde sanakondwe nazo, koma mantha anali atamugwira, ndipo mawu a woyang'anira sakanidwa wamba. A Kalelo anawaphunzitsa anawo okha, n'kuwalonjeza kuti wamanzere sadzalozedwa.

Tsikulo ndinapatsa ana anga ntchito yolemba, ine n'kukaima pafupi ndi zenera la kalasi yakeyo ngati ndikuwothera dzuwa. Mayi a ku koleji anakhala kumbuyo pa kampando ka ana, magalasi ali pamphuno. Phunziro linali la masamu ochotsera, aja obwereka. Funso loyamba, manja onse m'mwamba ngati chimanga m'munda. Chonde analoza wamanja, yankho linatuluka lolondola. Ndinayang'ana pakona paja ndipo ndinaona Kachete atakweza lamanzere, nkhope ili ngwee. Kanali koyamba kukweza dzanja pamodzi ndi anzake, ndipo zinkamukomera ngakhale linali dzanja lonena kuti sindikudziwa. Mtima unandipweteka.

Zinayenda choncho mpaka chakumapeto. Chonde analemba samu yomaliza pabolodi, yovutirapo, n'kufunsa amene angatiuze yankho. Manja anakwera. Kachete anayamba ndi lamanzere, kenako analitsitsa, n'kuyang'ana m'kope mwake. Pang'onopang'ono anakweza lamanja.

Chonde anamuona. Poyamba anaganiza kuti mwanayo wasokoneza manja, ndiye anamuyang'anitsitsa. Kachete anayang'ana dzanja lakelo ngati akutsimikiza, n'kulikweza kwambiri. Kutsogolo kunali ana anzeru aja atatambasula manja mpaka kunyamuka pamipando, ndipo nthawi inali itatsala pang'ono kutha. A Kalelo, omwe anaima pakhomo, anapukusa mutu mobisa. Ine amene ndinali panja thukuta linandituluka, nanga iye?

Chonde anamutchula dzina lake lenileni, motsitsa monga mwa masiku onse.

Mwanayo anaimirira. Anatsegula pakamwa koma mawu anakana. Anayesanso, milomo ikugundana, maso atatsinzina. Mnyamata wina anayamba kumumalizira, koma Chonde anangokweza choko, kalasi yonse inati zii. "Tikudikira, palibe akuthamangira kwina," anatero. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwo analibe mlendo wa ku koleji atakhala kumbuyo akuyang'ana wotchi. Chonde anadikira basi, monga mwana amene anakula akudikira kuti bambo adzuke.

Yankho linatuluka, ndipo linali lolakwa. Ndinamva a Kalelo akuusa moyo. Chonde sanaloze wina ayi. Anamuthokoza mwanayo, n'kumupatsa choko kuti atisonyeze mmene wayendera. Pabolodi zinaoneka kuti anabwereka bwinobwino, koma anaiwala kuti kumene wabwerekako kwachepa. Chonde anafunsa ngati alipo ena amene anapeza yankho ngati lakelo, ndipo manja ambirimbiri anakwera, amanja ndi amanzere osasankhanso. Anakonzera limodzi, Kachete n'kufufuta ndi chala, n'kulemba lolondola. Belu linalira phunziro lisanamangidwe, ntchito yakunyumba asanapereke, zimene ku koleji amati ndi mlandu waukulu.

Ana atatuluka, Chonde anakhala pa desiki ina, jekete lili mbuu ndi choko, manja ali m'masaya. Mayi aja anatenga nthawi akupukuta magalasi. Anayamba ndi kumudzudzula kuti nthawi sanaisunge, mapeto a phunziro panalibe, ndipo zolemba zake zikukwerabe phiri. Iye ankangovomera. Kenako anati, "Achimwene, ine ndinayamba kale kuzungulira m'masukulu, ndipo za manja awiriwa ndimazidziwa. Sindimawerenga manja okwera, ndimayang'ana amene mphunzitsi wamuloza. Mwakhoza, koma ndikadzamva kuti mukuchitabe zamanzerezi tidzayambana."

A Kalelo anatsokomola n'kutuluka, ati akukaona ngati ana akusesa. Chonde anafuna kuthokoza koma mawu anamukanirira, moti kwa kanthawi wachibwibwi anali iye. Atandipeza pakhonde anandifunsa kuti, "Amayi, mwamva?" Ndinamuuza kuti khoma lathu silisunga chinsinsi, ndipo apite akawadzutse bambo akewo, lero lokha sakwiya.

Chaka chitatha anamutumiza kusukulu ina yakutali. Tsiku lotsanzikana ana anamuimbira nyimbo, ena akulira, ena akungosangalala kuti palibe masamu. Atafunsa ngati alipo wofuna kunena mawu, dzanja lamanja linakwera pakona paja. Kalasi yonse inadikira yokha, popanda wokweza choko. Zinatenga nthawi, koma anamaliza yekha: "Aphunzitsi, chonde, muzibwera kudzationa."

Chaka chino Kachete ali m'kalasi mwanga, ndipo amakhala mzere wachiwiri. Ine ndine munthu wopupuluma, aliyense pano amadziwa, koma dzanja lake likakwera ndimaika choko pansi n'kudikira.