Mapointi a Ignasio ndi Chitseko cha Mariya

Achimwene anga a Ignasio si wakuba. Ndiyambire pamenepo, chifukwa pa doko lathu kuno kwa Mbenje alipo ena pakamwa pawo sipatsekeka. Munthu wasungira amayi ogulitsa nsomba ndalama zaka ndi zaka, osasowetsa ngakhale ya mchere, lero mumutche wakuba? Ayi, zimenezo ndimakana mpaka thovu kukamwa. Koma akangotchula za chitseko cha a Mariya, ine Lilian, mlongo wa a Ignasio wotsiriza kubadwa, ndimangosenza dengu langa n'kumapita, manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Achimwenewa anabadwira kutsidya, ku Mozambique. Anawoloka Shire ali kamnyamata nthawi ya nkhondo, atapanikizana mu mwadiya, bwato lathu la kuno, ndi amayi, abambo ndi mbuzi imodzi. Ine ndinabadwira kuno. Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo, koma amayi anakana, ati sangasiye manda a amuna awo okha kudziko la eni. Choncho a Ignasio anakulira pa mtsinje, nkhafi ili m'manja, kuwolotsa anthu, njinga, matumba a chimanga, nthawi zina ndi odwala omwe. Shire amamudziwa ngati khonde la nyumba yawo: pomwe pamagona mvuu, pomwe mchenga umasuntha chaka ndi chaka, ngakhale pomwe foni imataya netiweki ya kuno n'kugwira ya ku Mozambique.

Phewa litayamba kuwavuta anasiya kupalasa, n'kutsegula kaokala pafupi ndi doko. Ankagulitsa mchere, sopo, mbedza ndi mayunitsi, kenaka anayamba zotumiza ndi kulandira ndalama pa foni. Apa ndi pomwe ife amayi a nsomba tinawapezera ntchito ina. Ndalama ya mayi ikagona m'nyumba imakhala ndi adani ambiri: mwamuna wopita ku kachasu, makoswe, madzi osefukira, achibale odziwa kulira. Ndiye tinkakasiya kwa a Ignasio, iwo n'kuika mu foni. Ukaifuna, ngakhale ali pakati pa kudya, ankasamba m'manja n'kukupatsa.

Nthenda yawo inali imodzi yokha, yokonda kumva dzina lawo likutchulidwa pagulu. Pa ukwati, nthawi ya perekaniperekani, ankayamba asinthitsa ndalama yawo kukhala timapepala ting'onoting'ono, kuti azivina nthawi yaitali akuponya kamodzikamodzi uku wolengeza akukuwa kuti a Ignasio a pa doko afika. Akazi awo a Jacqueline ankangobisa nkhope mu chitenje. Ife tinkaseka, tinkati ndi zachibwana chabe zosapweteka munthu.

A Mariya ndi mnzanga wa pa ng'anjo yowambira nsomba, mayi wamasiye, wosalankhulalankhula. Nyumba yawo ili m'mbali mwa njira yotsikira ku doko. Bambo awo anamwalira chaka cha madzi osefukira, ndipo anaikidwa atakulungidwa mu mphasa poti panalibe chochita. Chinthu chimenecho chinawakhala pamtima. Amayi awo okalamba atayamba kudwaladwala, a Mariya analumbira kuti awa okha adzapita m'bokosi ngati munthu. Akagulitsa mlamba kapena makakana, ankapatula kangachepe n'kukasiya kwa achimwene, akunena poyera kuti iyi ndi ya bokosi la amayi. Achimwene ankaidziwa bwino ndalama imeneyo ndi ntchito yake.

Tsono kunabwera mpikisano wa kampani ina ya mafoni. Ati ukagula katundu m'sitolo n'kulipira pa foni, ukupeza mapointi. Amene achuluke mapointi m'chigwa chonse chino adzakwezedwa boti la injini, ulendo wa masiku awiri pa Shire, kudya ndi kugona zaulere, ndipo amene adzakhale patsogolo pofika ku Nsanje adzapatsidwa njinga yamoto anthu akuona, wailesi ikulengeza. Achimwene atamva mawu oti wailesi, basi, mutu unasokonekera.

Koma munthu wa pa doko ungagule chiyani tsiku lililonse choti upose nacho eni magolosale a ku Nchalo ndi ku Ngabu? Ndiye anapeza nzeru. Okala yawo inali ndi nambala yake yolandirira malipiro, mu foni ina. Iwo ankatenga foni ya m'thumba n'kulipira ku okala yawo yomwe, ngati kuti agula katundu, chonsecho pa shelefu sipanachoke ngakhale machesi. Akatero ankabweza ndalama ija ku foni ya m'thumba, n'kulipiranso. Uku ndi uku, uku ndi uku, tsiku lonse, mapointi akukwera. Ulendo uliwonse kampani inkadulako kake, ndipo kameneko ankalipira ndi phindu la sopo ndi mchere, moti mashelefu anayamba kuoneka mano. Ataona kuti ndalama yawo ndi yochepa, mapointi akubwera mwaulesi, anayamba kuzungulitsa ndi zathu zosungitsa zija.

Ndinawapeza tsiku lina ali ndi mafoni awiri pamiyendo, thukuta lili kamukamu, kasitomala akudikira mbedza osamuona n'komwe. Atandifotokozera, ndinakalipa mpaka agalu a pa doko anathawa. Iwo anangoseka, amvekere ndalama sikutuluka m'nyumba, ikungowongola miyendo, madzulo imagona pamalo pake. Ndipo kunena zoona palibe amene anabwera kudzafuna yake n'kubwerera chimanjamanja. Dzina lawo litatuluka pa gulu la okwera boti, anayenda doko lonse akugwira anthu chanza ngati apambana chisankho.

Tangoganizani, munthu amene wakalambira pa madzi, kusagona tulo chifukwa choti akakwera boti! Ati ili ndi lina, lili ndi denga ndi mipando, ndipo wopalasa si iwo. Anachapitsa jekete la ukwati, mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno likuwotcha ngati ng'anjo. Galimoto ya kampani inawatenga m'mawa kupita nawo kumtunda, komwe ulendo unkayambira, kuti adzatsike ndi mtsinje kudutsa m'dambo mpaka ku Nsanje. Mafoni onse awiri anapita nawo, poti mpikisano unali usanatseke.

M'mawa womwewo amayi a a Mariya anatisiya.

A Mariya sanalire nthawi yaitali. Anapukuta m'maso n'kundiuza kuti ndiwaimbire achimwene atumize ya bokosi ku foni yanga, kuti a Simoni, kalipentala wathu, akwere njinga akagule matabwa ku Bangula kusanatenthe. Ndinaimba, anayankha. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo ndi anthu akuseka. Anapepesa maliro bwinobwino, mawu awo achisoni ndithu. Kenaka anatsitsa mawu.

"Mlongo, pali mkulu wina wa ku Ngabu wandipitirira pang'ono chabe. Ndalama yonse ili paulendo panopa. Undilole ndiizungulitse kangapo, nditumiza tisanafike pa Chiromo."

Ndinawauza kuti achimwene, uku kuli mtembo, dzuwa ndi ili mukuliona, ndipo mukudziwa kuti mukangopitirira pomwe Ruo amathira mu Shire foni igwira za kutsidya.

"Iwe, mtsinje uno undiphunzitse ndiwe? Kuchoka pano kukafika pa Ruo ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Ndaupalasa ndi manja angawa."

Anaupalasadi, sankanama. Chimene anaiwala n'choti ankawerengera ndi nkhafi, pomwe iwo anali atakhala pa injini. Anandiuza okha pambuyo pake kuti kuyambira pamene ndinadula foni sanadzutsenso mutu. Anzawo ankajambula mvuu ndi mbalame, iwo maso ali pa mafoni, uku ndi uku. Pomwe amati atumize tsopano, foni inalira ndi uthenga wa Chipwitikizi wowalandira ku Mozambique. Atacheuka anaona madzi ofiira a Ruo ali kumbuyo, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Anayesa kudina manambala aja, osatheka. Anazimitsa, kuyatsa, kuimika foni m'mwamba ngati akuwonetsa Mulungu, koma ayi ndithu.

Mpaka apa ndikhoza kunena kuti inali ngozi. Chimene chimandiwotcha mumtima ndi chotsatirachi. Gombe la kwathu linali pomwepo, kudzanja lamanja, ndipo palibe kanjira ka m'bango kamene achimwene sakadziwa. Akanangouza woyendetsa boti kuti kwathu kwagwa maliro nditsitseni, akanayenda pang'ono kulowa kumtunda, netiweki n'kubwerera. Koma wotsika panjira ankachotsedwa mu mpikisano. Komanso anaopa kuti a kampani akawafunsa chimene chavuta, zidzaululika kuti mapointi onse aja anali ogula mphepo. Ndiye anakhala phee pampando wawo, atavala chijekete chosamira nacho pamwamba pa jekete la ukwati, akudzinamiza kuti pokhota apo netiweki ibwera. Malo amene anakagona analinso m'mbali mwa madzi, foni ikulankhulabe Chipwitikizi.

Kuno ife tinadikira. Ndinaimba mpaka batire linatha, ndinabwereka foni ina, chimodzimodzi. A Mariya ankangoti a Ignasio satero, china chawachitikira, tiyeni tidikire. A Mariya ndi amene ankawaikira achimwene kumbuyo, ine mlongo wawo ndili chete ndi zimene ndinamva pa foni zija, ndikusowa poyang'ana. A Simoni anati ntchito ya manja awo agwira ulere, koma wogulitsa matabwa ku Bangula sapereka pangongole ngakhale kwa mbale wake. Za chipepeso zimene anthu anasonkha zinangokwana ufa ndi nkhuni. Mwezi umenewo nsomba zimakhala zitathawira kozama, ndalama ya thonje inatha kalekale, ndipo zathu tonse zinali mu foni yomweyo, pa boti.

Dzuwa litapendeka, akuluakulu a mpingo anawatengera a Mariya pambali. Anawauza kuti ndi kutentha kumeneku mayi sangadikire kupitirira m'mawa, ndipo ngati palibe bokosi, mphasa yatsopano ilipo. A Mariya anadzuka pa siwa, anapita pomwe panakhala a Simoni, n'kuwalozera chitseko cha nyumba yawo. Chinali chitseko chabwino, cha thabwa lolemera, chimene malemu amuna awo anagula chaka chimene thonje linawayanja. A Simoni anafunsa kawiri ngati akunenadi zoona. Kenaka anachizula anthu onse akuona, anawonjezera matabwa a bedi la malemu, n'kuyamba kukhoma kuseri kwa nyumba. Ine ndinali kumoto ndi amayi anzanga, ndipo nyundo iliyonse inkangokhala ngati ikugunda ine. Palibe amene anandinena kanthu. Ankangondipatsa chikho kapena mthiko osandiyang'ana kumaso.

Tinaika maliro m'mawa mwake. Bokosi linali ndi bowo la loko m'mbali, a Simoni anayesa kulitseka ndi kathabwa koma linkaonekabe.

Madzulo a tsiku lomwelo foni yanga inalira, ndalama ya a Mariya yalowa yonse, osaperewera ngakhale pang'ono. Boti linali litafika ku Nsanje. Njinga yamoto inapita kwa mkulu wa ku Ngabu uja. Achimwene anabwera ndi kapu, tisheti ndi ambulera ya kampani, ndipo anatsikira patali kuti alowe m'mudzi kudzera kuminda. Zimene ndinawauza tsiku limenelo sindingazibwereze, pakamwa panga pamalowanso Mgonero. A Jacqueline anatenga kapu ndi tisheti zija n'kuziponya pamoto.

Achimwene anapita kukapepesa, atatsagana ndi a Witness, mkulu wa mpingo. Anagwada pabwalo, bambo wa imvi zake, nafotokoza zonse osabisa, za mapointi, za nkhafi ndi injini, ngakhale zoti akanatha kutsika. A Mariya anamvetsera mpaka kumapeto, analandira ndalama yawo, anati takhuta, zikomo wa kuno kwathu, basi. Amayi ena anakachotsa zawo ku okala. Ena anatsala, poti pa doko palibenso wina wa foni, koma masiku ano akasungitsa amabwera ndi mboni.

Achimwene anagulitsa foni imodzi ija ndi mbuzi, nakapangitsa chitseko kwa a Simoni, chokongola kuposa choyamba, chopaka vanishi, cha loko watsopano. Anachisenza okha pamutu, ndi phewa lawo lovutalo, kukafika nacho kwa a Mariya. Ine ndinali pambuyo ndi mahinjesi m'manja, mumtima ndikuti mwina lero tipuma. Pakhomo panali patapachikidwa chiguduli cha thumba la feteleza. A Mariya anatuluka, anachiyang'ana chitseko chija, anachisisita ndi dzanja, nati n'chabwino kwambiri.

"Koma nkhabe, ayi, a Ignasio, bwererani nacho. Chitseko cha nyumba ino chilipo, chili ndi amayi. Pakhomo pano pakhale chonchi."

Achimwene anayesa kunena za akuba, za njoka, za mvula ikubwerayi. A Mariya anangoti akadzafuna china adzagula ndi nsomba zawo, n'kulowa m'nyumba.

Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Chiguduli chija chikang'ambika amapachika china. Njira yopita ku okala ndi yomweyo, palibe ina, ndipo m'mawa uliwonse achimwene akamadutsa, a Mariya amapatula chiguduli n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za phewa, za alamu ndi za ana. Achimwene amayankha maso ali pa zala za kumapazi. Chitseko chatsopano chija chinatsamira kuseri kwa khitchini ya achimwene, ndipo chiswe chayamba kuchidya chakumunsi.